A Nachisale ndi Maliro Amene Tinawabisira

Lamlungu lapitali panakwana chaka chathunthu chimwalirire a Estere Nachisale, ndipo anthu akwathu anakumana m'chipinda chapansi cha tchalitchi ku Laurel kuti awakumbukire. Patebulo anayalapo chitenje, pamwamba n'kuikapo chikho chawo cha mpikisano chija, chopukutidwa mpaka kumathobwa m'maso. Wina anaimirira n'kunena kuti a Nachisale anali nyenyezi yathu pa masewero a tenesi, anatichotsa manyazi m'dziko la eni. Wina anati iye analipo tsiku limene anapambana, chonsecho ndikudziwa kuti nthawi imeneyo anali asanakwereko n'komwe ndege. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe. Chikho chimenecho mwini wake sankachifuna, ndipo akanakhala moyo akanatifunsa kuti watituma ndani.

Ine ndine Elube. Ndinabwera kuno ku America m'zaka za m'ma 1970 kudzaphunzira unamwino, ndipo ndinkakhala ku Springfield kwa amalume anga a Mwale, amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu ya mayiko mu Washington. Masiku amenewo Amalawi kuno tinali owerengeka, moti tonse tinkakwana m'chipinda chochezera cha amalume, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia omwe. Amalume ndiwo anali mkulu wathu. Mauthenga a kumudzi ankafikira kwa iwo, makalata a anthu opanda keyala yokhazikika ankafikira kwa iwo, milandu ya m'mabanja inkathera kwa iwo. A Nachisale tchuthi chikafika ankabwera kudzakhala nafe, ndipo tinkagona chipinda chimodzi. Ankandiposa ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkawatchula achemwali, iwo ankangoti iwe.

Amene anabwera kuno mochedwa sanawaoneko pa mpikisano. Ankawadziwa ngati mayi woopsa wa mauthenga a maliro. Kwathu imfa sinenedwa mwachindunji kwa munthu amene ali kutali. Akuluakulu amayamba akhala pansi, n'kusankha woti akanene, n'kusankha tsiku, ndipo wopitayo amayamba ndi zoti odwala aja matenda akula. A Nachisale zimenezo analibe nazo ntchito. Akangomva kuti kwa uje kwagwa zovuta, ankasiya chilichonse n'kukwera galimoto yawo yakale yobiriwira, kaya ndi ku Manassas kaya ndi ku Baltimore, n'kukagogoda. Ankamuuza munthuyo kuti akhale pansi, kenako ankanena dzina la womwalira, tsiku limene wamwalira ndi tsiku loika maliro, zitatuzo motsatizana, osatsokomola n'komwe. Akatero sankachoka. Ankakhala pomwepo masiku atatu, kuphika, kuchapa, kuyankha lamya, kuthamangitsa alendo olongolola. Koma anthufe ndi momwe tililimu, masiku atatuwo sitinkawakumbukira, tinkakumbukira kugogoda kokhako. Ena akaona galimoto yobiriwira ikuima pakhomo ankazengereza kutsegula chitseko, ngakhale mayiwo angobwera kudzabweza mbale.

Tsiku lina anakangana ndi abusa athu chifukwa cha mtsikana wina wa ku Chipata amene bambo ake anamwalira kutangotsala tsiku limodzi kuti alembe mayeso omaliza. Akuluakulu anagwirizana zoti adikire masiku awiri. A Nachisale anapita madzulo omwewo n'kukamuuza. Lamlungu lake abusa anawaimitsa panja pa tchalitchi, poimika magalimoto, ife tonse tikumva.

"Mayi Nachisale, mwamuwonongera mwana mayeso. Masiku awiri okha akanavuta chiyani?"

"Abusa, bambo womwalirayo ndi wanu kapena wake?"

"Ndi wake, koma ife monga akuluakulu tinaona kuti..."

"Ndiye mumafuna kumubera. Mayeso adzalemba next year. Bambo ake adzawaikanso next year?"

Abusa anangokweza manja n'kulowa m'galimoto. Mtsikanayo mayeso sanalembe, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anawathokoza kapena anawada. A Nachisale sankasamala za kuthokozedwa. Ankakonda kunena kuti munthu wokubisira zowawa sakukumvera chisoni iwe, akudzimvera yekha, kuopa kuona nkhope yako ikusintha. Ankatinso Amalawi tikati tikukuteteza, gwira chikwama chako mwamphamvu chifukwa pali chimene tikukulanda.

Tenesi anaidziwira ku sukulu ya atsikana ya mishoni kufupi ndi Dedza. Bwalo lake linali la dothi lofiira, atsikana okhaokha ankalithira madzi ndi kulisalaza, mizere n'kulemba ndi phulusa. Anabadwa wamanzere, ndipo ali mwana azakhali awo ankawamenya dzanjalo ndi chipande nthawi ya chakudya. Mayi awo okha, amene anawalera popanda bambo, akugulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, ndiwo ankati musiyeni mwana, Mulungu sanasokoneze dzanja. Ndiye sisitere wina kusukuluko atawapatsa raketi ya mtengo n'kuwauza kuti agwire ndi dzanja limene akufuna, a Nachisale anati anadabwa kuti padziko pano pali malo amene manzere sakalipiridwa. Atamaliza sukulu anaphunzitsa masamu zaka zingapo, uku akusewera m'mipikisano ya ku Blantyre, kufikira pamene mphunzitsi mnzawo wa ku America analembera kalata koleji ina yaing'ono ya ku Maryland. Kolejiyo inali itangoyamba kumene kutenga atsikana a masewero n'kumawaphunzitsa ulere. Anafika kuno ali wamkulu kuposa anzawo onse a m'timu.

Chaka choyamba anagonja mochititsa manyazi. Mabwalo a kuno ndi ouma gwa, mpira umathamanga, ndipo kuzizira kunkawaumitsa zala. Anzawo ankawasekanso chifukwa ankafika pabwalo atavala chitenje pamwamba pa kasiketi ka masewero, n'kuchivula pokhapokha woimbira akaitana, ndipo akangomaliza ankathamangira chitenjecho asanamwe n'komwe madzi. Mayi awo tenesi sanaioneko. Ankangodziwa kuti mwana wawo amathamangitsa kampira kwa azungu, ndipo kalata iliyonse imene ankalembetsa kwa akatekisiti inkathera pa malangizo awiri, azidya mokwanira ndipo azibisa mawondo.

Chaka chachiwiri kuseka kunatha. Pa dothi la ku Dedza mpira sunkadumpha bwino, ndiye anazolowera kuumenya mocheka kuti uziyenda chokwawa. Atadziwa kuchita zomwezo pa bwalo louma, kuwonjezera manzere aja, atsikana a makoleji ena ankangowerama ngati akutola mtedza. Anakhala woyamba m'timu yawo. Chaka chachitatu anawasankha kukhala kaputeni, ndipo pa bwalo la kwawo palibe anawagonjetsa. Koleji inawapatsa mphotho ya wophunzira amene wachita bwino m'kalasi ndi pabwalo pomwe, nyuzipepala ya m'tauniyo n'kuwajambula. Sankadzitama, koma sankadzichepetsanso mwachinyengo ngati mmene timachitira ambirife. Ukawafunsa ngati apambana, ankati inde, mtsikana uja saona mipira ya kumanzere kwake. Pofika chaka chomaliza, kampani ina ya zipangizo za masewero inali itayamba kukambirana ndi mphunzitsi wawo zoti a Nachisale akamaliza sukulu tenesi ikhale ntchito yawo. Chimene chinatsala ndi mpikisano waukulu wa makoleji onse a chigawo chino. Wopambana ankalandira chikho, ankatchedwa katswiri wa chakacho, n'kupita ku mpikisano wa dziko lonse.

Ndidumphe kaye, ndinene za amalume. Patapita zaka pafupifupi khumi chichitikire zimene ndikufuna kunenazi, koleji ija inalemba kalata yoti ikufuna kuika dzina la a Nachisale pakhoma la akatswiri ake, abwere kudzalandira ulemu. Kalatayo inafikira pa keyala yakale, kwa amalume. Amalume anawatumizira uthenga, a Nachisale sanayankhe. Ndiye amalume anavala suti yawo yabwino, anapita okha kukolejiko, anakalandira chikalata cha ulemucho m'malo mwawo, n'kulankhulanso mawu. Anauza azungu kuti ife monga gulu tinamulera mwanayu ndipo tinaonetsetsa kuti pasakhale chomusokoneza. Pa ukwati wina ku Manassas anakumana maso ndi maso, ndipo amalume anayesa kuwapatsa moni.

"Mwana wanga, zakale zija tiziiwala. Lero dzina lako lili pakhoma. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"A Mwale, anu aja agonera zaka khumi. Ndimawalawa m'mawa uliwonse. Sanakomebe."

Amalume sanali munthu woipa, ndipo chimandipweteka kwambiri n'chimenecho. Analandira anthu ambiri pabwalo la ndege, anagoneka ambiri pamipando yawo. Anamwalira akukhulupirira kuti anachita bwino, ndipo chikho cha a Nachisale chinakhala pamwamba pa kabati yawo mpaka tsiku limenelo, akuchipukuta okha Loweruka lililonse.

Tibwerere ku chaka chawo chomaliza cha kukoleji chija. Telegalamu inafika kwa amalume Lolemba m'mawa, mpikisano uja uli woti uyamba Lachisanu. Inati mayi a Estere amwalira Lamlungu, maliro aika Lachiwiri. Madzulo ake amalume anaitanitsa akuluakulu, amuna ndi akazi, anthu ngati khumi ndi awiri. Ine ndinali momwemo, palibe anandiuza kuti ndituluke. Amalume anafotokoza modekha ngati ali ku ofesi. Tikamuuza lero, sasewera, ndipo kumaliro sakafikanso pa nthawi yake. Ataya ziwiri. Tikadikira mpaka Lamlungu, ataya chimodzi chokha chimene chatayika kale. Anthu anagwedeza mitu. Amene anatsutsa ndi a Tembo okha, bambo wa ku Lusaka amene ankayendetsa takisi.

"Awe ba Mwale, ivi sivili bwino. Muuzeni chabe, azasankha yeka. Ni mai wake, si wanu."

"A Tembo, mutu umodzi susenza denga. Tagwirizana tonse pano."

A Tembo anayang'ana uku ndi uku, sanapeze wowathandiza, n'kugonja. Mawa lake amalume anayankha telegalamu ija. Sanafune kuti abale a kumudzi adandaule kuti uthenga wasochera, ndiye analemba kuti uthenga wamveka, Estere abwera akamaliza mpikisano. Kwa ine anangoti, "Elube, pakamwa," n'kuloza milomo yawo.

Lachinayi masana a Nachisale anabwera pa basi kuti ndidzawaluke tsitsi. Unali mwambo wathu mpikisano waukulu uliwonse usanachitike, chifukwa ankati mizere yanga yokha ndiyo simasuka ndi thukuta. Tinakhala pakhonde la kuseri, ine pampando, iwo pansi pakati pa miyendo yanga. Anali osangalala tsiku limenelo, ankangolankhula. Anati kalata ya amayi ayilemba kale theka, adzaimaliza Lamlungu akadziwa zotsatira. Anati akapambana akajambulitsa chithunzi atavala chitenje, chikho chili m'manja, kuti amayi akachionetse azakhali aja ankawamenya dzanja. Ine ndinkangogawa tsitsi ndi chipeso, ndikudziwa kuti mayi akunenedwawo agona m'manda masiku awiri, ndipo kumudzi abale awo akukonzekera kumeta maliro.

"Iwe, manja akunjenjemera bwanji lero? Ngati ukasewera ndiwe."

"Kukuzizira, achemwali."

"Kuzizira kwake kuti? Koka bwino, ndisakachite manyazi pamaso pa azungu."

Ndinakoka bwino. Sindinalukepo mizere yowongoka ngati ya tsiku limenelo.

Lamlungu tinapita magalimoto anayi. Anthu akwathu anali asanabwereko ochuluka chotero kudzawaonera, ndipo atatiwona tikulowa anaika dzanja pakamwa, kenako anatibayibitsa ndi raketi. Ankaganiza kuti tabwera chifukwa chowanyadira. Ena tinabweradi chifukwa cha chimenecho, koma chinatisonkhanitsa ndi maliro, tinkangoperekeza namfedwa amene sankadziwa kuti ndi namfedwa. Anakumana ndi mtsikana wamtali wa ku Virginia amene mpira wake woyamba unkamveka ngati chitseko chamenyetsedwa. Chigawo choyamba a Nachisale anagonja. Chachiwiri anayamba kucheka mipira ija, mtsikanayo n'kumawerama mpaka kutopa. Chachitatu chinatalika moti ena tinasiya kuwerenga. Amayi akwathu ankaimba nthungululu mpaka woimbira anatipempha kawiri kuti tikhale chete. Akazi a amalume ankalira misozi ili chuchuchu, ndipo a Nachisale posinthana mbali anawaona n'kuwamwetulira. Mpira womaliza unadutsa pamwamba penipeni pa ukonde n'kukwawa, mtsikana uja sanaufikire.

Anavala chitenje chawo, analandira chikho ndi manja awiri atapinda bondo pang'ono monga analeredwera, ndipo wolengeza anati katswiri wa makoleji onse a chigawo chino chaka chimenecho ndi iwo. Ife tinaomba m'manja, tonse, ndi ine ndemwe.

Akazi a amalume ndi amayi ena anatsogola kubwerera ku Springfield. Ife tinafika dzuwa lisanalowe. A Nachisale analowa patsogolo, chikho chili m'manja, akuseka ndi a Tembo. M'chipinda chochezera mipando yonse inali itatulutsidwa, amayi atakhala pansi pa mabulangete, mitu atamanga mipango. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo la nyumba yotero. Kuseka kunaduka. Amalume anakonza kukhosi.

"Mwana wathu, khala pansi. Kumudzi amayi matenda aja..."

"Liti?"

"Tinati tiyambe..."

"Ndati liti?"

"Lamlungu lapitalo."

"Aika liti?"

"Lachiwiri."

A Nachisale anawerenga masiku ndi milomo. Kenako ananena motsitsa, osauza munthu, kuti Lachiwiri anali kukantini akuseka ndi anzawo, anadya ayisikilimu kawiri. Anayamba kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Nonse mumadziwa?"

Anayankha ndi a Tembo okha. "Tonse, sisi. Ine nenze nakana, koma naine n'nakhala chabe zii."

Maso awo anafika pa ine. Ndisanatsegule pakamwa, akazi a amalume analumphira. "Elube yekha sanadziwe. Ndi mwana, sitinamuuze." Ankafuna kunditeteza, monga tonse tinkatetezerana sabata imeneyo. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo sindinawatsutse.

A Nachisale anaika chikho pansi, pafupi ndi nsapato za anthu pakhomo. Anapempha sizasi. Atawapatsa anadutsa amayi onse akuluakulu amene mwambo ukanawayenera, n'kudzaiika m'manja mwanga.

"Iwe wekha ndiwe manja ako ali oyera muno. Ndimete."

Anakhala pansi pakati pa miyendo yanga ngati Lachinayi lija. Ndinadula mizere yonse imene ndinaluka, umodziumodzi, ndipo pamene wotsiriza unagwa m'pamene anayamba kulira.

Ku mpikisano wa dziko lonse sanapite. Mphunzitsi wawo, mzimayi wachizungu wa mtima wabwino, anabwera kawiri kudzawapempha, ndipo ulendo wachiwiri anachoka akulira yekha. Kampani ija inadikira mwezi n'kupeza wina. A Nachisale anamaliza mayeso awo, n'kukwera ndege kupita kumudzi. Kumeneko anapeza chimene amalume ndi nzeru zawo zonse sanachiganizire. Telegalamu yoyankha ija inawerengedwa pamaso pa mudzi wonse, anthu akadali pasiwa: uthenga wamveka, abwera akamaliza mpikisano. Aliyense anamva kuti mwana wa ku America wauzidwa kuti mayi ake amwalira, n'kusankha kampira. Mchimwene wawo anakana kuwalozera manda. Anafotokoza kuti sanauzidwe, koma ndani akanakhulupirira, pepala likunena zina? Azakhali aja anati iwo ankadziwa kale kuti dzanja lija lidzabala zotere. Anawalozera manda ndi mayi wina wogulitsa mbatata, mnzawo wa malemu, ndipo anatero mozemba.

Anabwerera kuno patatha milungu itatu. Anapeza ntchito ya masamu mu ofesi ina ku Baltimore, anapeza nyumba ya zipinda ziwiri pa nsanjika ina ku Laurel, ndipo m'nyumba ya amalume sanapondemonso. Sanakwatiwe. Anthu ankati ndi mtima wouma, munthu wanji wosakhululuka chonsecho amapemphera. Omwe ankanena zimenezo ndi omwe aja anakhala pa mabulangete tsiku lija. Palibe ndi mmodzi yemwe, kupatula a Tembo, amene anapita kukagogoda n'kunena kuti tinalakwa. Tinkangodikira kuti aiwale, tikumati nthawi ndi mankhwala.

Raketi anaigwiranso cha m'ma 1980, osati pa mpikisano ayi, koma kuphunzitsa ana Loweruka pa bwalo la boma pafupi ndi nyumba yawo. Ana a Amalawi, a ku Zambia, a aliyense wofuna. Sankalipiritsa, komanso sankanyengerera. Anawo ankamva Chichewa koma ankayankha Chingerezi, ndipo iwo ankawakalipira m'zilankhulo zonse ziwiri. Mwana wophonya mpira sankamukalipira kwenikweni. Amene ankaona zakuda ndi mwana woona kuti mpira wagwera kunja kwa mzere n'kuzengereza kunena, kaya pofuna kusangalatsa mnzake kaya poopa kumukhumudwitsa. Ameneyo ankakhala pabenchi tsiku lonse. Makolo ena anachotsa ana awo, akuti mayiwa ndi ankhanza. Mwa otsalawo, atatu anadzapeza malo m'makoleji chifukwa cha tenesi, ndipo a Nachisale sanapiteko kukaonera ndi mmodzi yemwe akupikisana.

Amalume anamwalira chakumapeto kwa zaka zimenezo, mwadzidzidzi, ali ku ntchito. Mwana wawo wamkazi anali ku koleji kutali, ndipo akuluakulu anayamba kale kukambirana zomuitana pomuuza kuti bambo akudwala. A Nachisale anayendetsa galimoto maola anayi, anakamuuza zoona, n'kubwera naye. Anamusiya pachipata cha nyumba, iwo osalowa.

Loweruka lotsatira ndinapita kubwalo kukawathandiza kutola mipira, monga ndinkachitira ndikakhala kuti sindili pa ntchito kuchipatala. Ana atapita tinakhala pabenchi awiriwiri.

"Elube, ndikufunse kanthu. A Mwale apita, palibenso woti umuope. Tsiku lija unkandiluka lija, manja ankanjenjemera. Unkadziwa?"

Anandifunsa akundiyang'ana m'maso, popanda ukali. Ndinali mayi wa ana awiri nthawi imeneyo, namwino wozolowera kuuza anthu osawadziwa kuti m'bale wawo watisiya. Palibe akanandilankhulira ngati tsiku lija.

"Ayi, achemwali. Sindinkadziwa."

Anapuma mpweya wautali, n'kundigwira bondo. "Chabwino. Ndimangofuna ndimve pakamwa pako. Pakanapanda iwe, bwenzi ndilibe munthu m'dziko muno."

Sabata yomweyo anandipatsa kiyi wa nyumba yawo. Kuchipatala, kuntchito, paliponse pofunika dzina la m'bale, analemba langa. Ndinadya m'nyumba imeneyo zaka zoposa makumi atatu. Ana anga ankawatchula azakhali. Amene ankati a Nachisale sadziwa kukonda sanaone mmene ankandisungira chiwindi cha nkhuku m'kambale kapadera chifukwa ndinanenapo kamodzi kuti ndimachikonda. Ndinkadya n'kuthokoza.

Atayamba kudwala ndinalumbira kuti ndiwauza. Ine ndi amene ndinkawasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala, ndiye mpata unalipo tsiku lililonse. Koma tsiku lililonse ndinkapeza chifukwa. Lero agona movutika, ndidikire mawa. Lero adya bwino, ndisawawonongere. Ndikawauza tsopano ataya ziwiri, thanzi ndi munthu yekhayo amene amamukhulupirira. Ndidikire apezeko mphamvu. Tsiku lina ndili kukhitchini ndinadzimva ndekha ndikuwerengera chotero, modekha ngati ndili ku ofesi, ndipo ndinazindikira kuti ndine mwana wa mlongo wa a Mwale ndithu. Ngakhale nditazindikira, ndinadikirabe. Anamwalira m'mawa wina ine nditatsika kukagula mkaka.

Ine ndi amene ndinachotsa katundu m'nyumbamo, poti dzina la m'bale linali langa. Sanali ndi zambiri. Tsiku lomaliza ndinabwera kudzapereka makiyi, ndipo woyang'anira nsanjikayo, bambo wachikulire wa kuno, anandidikira pakhomo. Ndinalowa ndekha. Makatani atachoka, chipindacho chinkaoneka chachikulu kuposa mmene ndinkachidziwira, ndipo dzuwa linkafika mpaka kukhoma la kukhitchini. Pakapeti panatsala timaenje tinayi pamene panali mpando wawo, ndi njira yothetheka yochokera pamenepo kupita kukhomo. Pakhoma panali misomali iwiri yopanda kanthu. Firiji anaizimitsa n'kuisiya chitsegukire. Kunkanunkhabe mafuta awo opaka m'mawondo. Ndinaima pakati pa timaenje tija, n'kunena mawu amene ndinawasunga kuyambira ndili mtsikana.

"Ndinkadziwa, achemwali."

M'nyumba yopanda katundu mawu amamveka kwambiri. Bambo uja anasuzumira, dzanja atatambasula kale kuti alandire makiyi, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndanena kanthu.

Ndinati ayi.